Amalume Anakana Kupaka Chikasu

Sukulu yanga inalandidwa ndi miyala ya pansi pa nyanja imene sindinaionepo. Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza maphunziro a zamagetsi pa koleji ina yaing'ono kuno ku Maryland pamene fizi inasiya kubwera. Amene anaisiyitsa ndi amalume anga, a Dokotala Elifala Mtambalika, amene tawatumiza kumudzi m'bokosi mwezi wathawu. Lero ndimasambitsa nkhalamba m'nyumba yosungira okalamba ku Germantown. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikulemba chifukwa cha chikondi chosefukira. Ndikulemba chifukwa pa mapemphero a maliro awo anthu ananama, ndipo ine ndinakhala nawo nyumba imodzi.

Ananama kuti anali munthu wodzichepetsa. Amalume sanadzichepetsepo kwa munthu aliyense, mzungu kaya wakuda, m'busa kaya kazembe. Mlaliki wa tsikulo, amene sankawadziwa, anafika ponena kuti manja awo anachiritsa ambiri. Sanachiritsepo munthu. Amalawi obwera kumene akamva kuti kuli dokotala wakwathu ku Greenbelt ankawapeza pakhomo la tchalitchi n'kuyamba kudandaula za bondo kapena msana. Iwo ankamvetsera mpaka munthuyo amalize, kenako n'kumuuza kuti ndi dokotala wa zapansi pa nyanja, bondolo likadzamira adzabwere nalo.

Anabadwira ku Ntchisi, kumapiri, kumene madzi aakulu amene ankawadziwa anali dambo lomwetsa ng'ombe. Anachoka ali mnyamata wa sukulu, zaka zimene kulankhula molakwika pa ndale kunkasowetsa anthu, ndipo lole ya matumba a mpunga inakawatula ku Dar es Salaam. Kumeneko ndi kumene anaona nyanja yamchere koyamba. Kusambira anaphunzira ali ndi ndevu, ana a asodzi akuwaseka. Ankanena okha kuti anamwa madzi amchere okwanira kuphikira ndiwo mudzi wonse. Atangodziwa kutsika pansi ndi galasi kumaso, za kumtunda zinasiya kuwakhudza.

Zimene anapeza pansipo ankazitchula ndi dzina la Chiswahili, matumbawe, poti Chichewa chathu chilibe dzina lake. Ankalimbikira kuti si miyala. Ankati ndi tizilombo tating'ono kwambiri timene timamanga nyumba zolimba pamwamba pa nyumba za makolo awo kwa zaka zosawerengeka, mpaka kupanga mpanda umene nsomba zimaswanamo ndiponso umene umaswa mafunde asanafike pa midzi ya m'mbali. Ine ndinkati miyala kuti ndiwapsetse mtima. Mpaka pano ndimati miyala.

Khutu lawo lakumanzere linali logontha. Msodzi wina anaponya bomba lophera nsomba iwo ali pansi pa madzi, ndipo anatuluka magazi akutuluka m'khutumo. Khutu limenelo linadzakhala chida chawo. Ukamalankhula zimene sakuzifuna, ankatembenuka pang'onopang'ono n'kukupatsa mbali yakumanzere. Anachita zimenezi kwa abusa, kwa a ku ofesi ya kazembe amene ankafuna kuwaonetsa kwa alendo pa maphwando, ndipo kwa ine pafupifupi tsiku lililonse.

M'nyumba yathu munalibe poponda. Mapu ankayalidwa pansi, kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini, ndipo iwo ankayenda m'mphepete mwake ndi masokosi, kapu ya tiyi wa jinja ili m'manja, monga amamwera anthu a kugombe. M'thumba la malaya simunkasowa mapensulo atatu: lachikasu, lobiriwira ndi lofiira. Ntchito yawo inali imeneyo. Kampani ina ya ku Rockville inkawatumiza pa sitima kukajambula pansi pa nyanja. Sitimayo inkakoka chitsulo chooneka ngati nsomba, chimene chimatumiza phokoso pansi, phokosolo likabwerera n'kujambula chithunzi chotuwa ngati phulusa. Kenako munthu amayenera kunena kuti chotuwacho n'chiyani: apa mchenga, apake chikasu; apa udzu wa m'nyanja, apake chobiriwira; apa matumbawe amoyo, apake chofiira. Amalume ankati makinawo ali ngati munthu wamiseche: amamva ndithu, koma amakuuza zimene sanaone. Pamene chithunzi chikukayikitsa, munthu avale thanki ya mpweya kumsana, atsike, akaone.

Khalidwe limeneli ankabwera nalo mpaka patebulo. Ukawauza kuti uje wagula galimoto, kapena kuti kumudzi mvula yavuta, funso linali lomwelo: waona kapena wamva? Munthu sunkatha kucheza nawo bwinobwino.

Ananditenga chaka chimene kwathu kunachitika chisankho choyamba cha zipani zambiri. Sanachite chifukwa chondikonda, sankandidziwa n'komwe. Amayi ndi mlongo wawo, ndipo kwathu mwana wa mlongo amaphunzitsidwa ndi malume ake. Anandilandira pabwalo la ndege, n'kundiuza kuti fizi ndi yawo, kukhoza ndi kwanga, ndipo wailesi yanga isamveke kunja kwa chipinda. Chaka chimenecho ambiri ankawauza kuti abwerere kumudzi, zinthu zasintha, anthu ophunzira ngati iwo akufunika. Amene ankalimbikira kwambiri anali ba Sakala, mnzawo wa ku Lusaka woyendetsa takisi, munthu yekhayo amene ankaloledwa kuwanyoza.

"Ba Dokota, yendani chabe kumunzi, bazakupasani ofesi na galimoto. Nyanja nayeve iliko kwanu."

"Aja ndi madzi akumwa, a Sakala," ankatero amalume. "Ndikakajambule chiyani m'madzi akumwa?"

Nkhani imene inatigwetsa inachokera pa chilumba china cha ku Caribbean. Anthu ena kumeneko ankafuna kukumba doko kuti sitima zikuluzikulu za alendo zizifika pafupi, ndipo matope okumbidwawo ankafuna kukawataya chapambali. Kuti aloledwe, pankafunika mapu osonyeza kuti malo otayirapowo ndi mchenga chabe. Pa chithunzi cha makina panali chibanga china chosadziwika bwino. Amalume anatsika, anaona matumbawe amoyo, koma mphepo yamkuntho inathamangitsa sitima asanamalize kuyendera malo onsewo. Atabwerera ku Rockville, bwana wawo anati kutsika kochepa kotero si umboni, kompyuta yati ndi mchenga ndi zidutswa za matumbawe akufa, apake chikasu, asaine. Amalume anati apaka chofiira, apo ayi awabwezere kunyanja akamalize kuona. Anauzidwa kuti akakhale kunyumba mpaka ataganiza bwino.

Ine ndinapita kukauza mayi Nachisale. Amenewa ndi namwino wamkulu wa ku Germantown, mayi amene Mmalawi aliyense wofika kuno amayamba wagona pa mpando wa pabalaza pawo. Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anafika kwathu ndi ba Sakala. Anapinda mapu amodzi ndi phazi kuti apeze pokhala.

"Achimwene, ndamva zoti mwakangana ndi azungu anu chifukwa cha pensulo."

"Mwamva bwino, mlongo."

"Ine ndimapukuta anthu akuluakulu matako tsiku ndi tsiku, ndi satifiketi yanga yonseyi. Mukuganiza kuti ndimakondwera? Tinabwera kudzagwira ntchito kuno, osati kudzawina milandu."

"Sainani chabe, ba Dokota," anatero ba Sakala. "Ise tonse muno mu America tisaina vintu vamene sitinabelenge. Manje iyo myala ni ya batate banu?"

"Dzina langa likakhala pansi pa mapu aja," anayankha amalume, "munthu wina adzakhulupirira kuti Mtambalika anaona mchenga. Sindinaone mchenga."

"Nanga mwanayu?" Mayi Nachisale anandiloza ndi chibwano. "Mlongo wanu ali m'munda wa fodya ku Ntchisi, mtima uli m'malo kuti mwana ali m'manja mwa malume ake. Mukamuuza kuti chiyani? Kuti nsomba za anthu ena zinalira kwambiri kuposa iye?"

Amalume anandiyang'ana kanthawi. Kenako anati ine, Limbani, ndili ndi manja awiri, ndipo anatembenuka n'kutipatsa tonse khutu lakumanzere.

Pamenepo mayi Nachisale anaganiza zochita mwa kwathu. Kwathu munthu akalakwira bwana wake, mtima n'kumukulira moti sangathe kupepesa yekha, abale amapita kukamupepesera. Amanyamula kanthu m'manja, amagwada, bwana akalandira ndiye kuti nkhani yatha, wolakwayo amangobwerera pa ntchito osafunsidwanso. Nkhuku yamoyo sitikanaipeza, choncho anakazinga mandasi odzaza beseni, n'kuchotsa pa shelefu yawo chosema cha njovu chimene anabwera nacho kuchokera kumudzi. Anatenga amayi awiri a mumpingo, onse atavala zitenje ndi mipango. Ba Sakala anavala suti. Njira ya ku ofesi ndinawalondolera ndine. Sukulu inali yanga, ndipo zikanachitikanso lero ndikanawalondoleranso.

Tinafika cham'mawa. Bwanayo, mzungu wamtali wosavala tayi, atangotuluka m'chipinda chake amayi atatu aja anagwada pa kapeti. Munthu anafiira nkhope. Anayesa kudzutsa mmodzi, wina n'kugwadanso. Kenako nayenso anagwada bondo limodzi n'kufunsa ngati a Elifala amwalira. Mayi Nachisale anamufotokozera m'Chingerezi chawo chabwino cha kuchipatala kuti sanamwalire, koma ndi munthu wouma mutu kuyambira kale, ndipo ife abale ake tabwera kudzapepesa m'malo mwake, poti ali ndi mwana amene akumuphunzitsa. Anamupatsa njovu ija ndi manja awiri. Iye anailandira, sanadziwe kuti aiike pati. Ndiye anafunsa funso limodzi: kodi zikutanthauza kuti avomera kusaina?

Ba Sakala anati inde, bwana. Sananame mwadala. Kwa iwo, mphatso italandiridwa, zotsalazo zinali zongotsatira.

Bwanayo anasangalala zenizeni. Anati sanafunepo kutaya munthu wodziwa ntchito ngati ameneyo, ndipo anaimba foni ku Greenbelt nthawi yomweyo. Tinadikira amalume akubwera pa sitima ya pamtunda. Mlembi wa pa ofesiyo anadya mandasi, anapempha kuti amulembere kaphikidwe kake. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mayeso.

Atalowa, amalume anaima pakhomo. Anaona amayi atakhala pansi miyendo atatambasula, anaona beseni, anaona njovu pa desiki, anaona ine. Sanakweze mawu. Anapereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi, m'Chichewa, kufunsa za ana ndi za kunyumba ngati takumana pa ukwati. Bwana anayala mapu patebulo n'kuwapatsa cholembera. Iwo anachiika pambali. Anatulutsa pensulo lofiira m'thumba, anawerama, n'kuyamba kupaka chibanga chija pamwamba pa chikasu, pang'onopang'ono, osatuluka mzere, ngati mwana wa sitandade wani amene akufuna kusangalatsa aphunzitsi. M'chipindamo munkangomveka pensulo. Atamaliza anaweramuka n'kuuza bwanayo kuti tsopano atha kusaina.

Bwanayo anati zimenezo sizingatheke, ndipo ngati ndi choncho asiye makiyi a ofesi kwa mlembi.

Amalume anasiya makiyi. Kenako anavundikira beseni lija ndi nsalu yake, anatenga njovu pa desiki, n'kupereka zonse kwa mayi Nachisale.

"Nyamulani katundu wanu, mlongo. Dzukani. Palibe amene walakwa woti mumupepesere."

"Mwatiyalutsa, achimwene," anatero mayiwo.

"Sindinakutumeni."

Panja, poimika magalimoto, ba Sakala anavula jekete n'kuliponya pa mpando wa takisi. "Imwe ba Dokota, mutu wanu ni mwala kuchila iyo myala yanu. Kwelani, nikupelekeni." Amalume anakwera kutsogolo. Ine ndinagwira chitseko chisanatsekedwe.

"Ndiye sukulu yanga, amalume?"

"Yaima, mphwanga, mpaka nditapeza china."

"Chifukwa cha miyala?"

"Si miyala."

Zokambirana zathu pa nkhaniyi zinathera pomwepo. Sanandipepese tsiku limenelo, sanandipepese mpaka kufa.

Musayembekeze kuti ndinena kuti anapambana. Mapu anajambulidwanso, mnyamata wina wongochoka kumene ku yunivesite anasaina, doko linakumbidwa, matope anatayidwa pomwe paja. China chija sanachipeze. Anali atakula, ndipo makampani a ntchito imeneyi ndi ochepa, amauzana. Amayi analira pafoni, anawatchula mayina amene sindinkadziwa kuti amawadziwa, n'kukhala nthawi yaitali osalankhula nawo. Kutchalitchi anthu ankawapatsa moni ndi nsonga za zala.

Iwo anagula kagalimoto kakale ndi ndowa, n'kuyamba kuyendera mathanki agalasi a nsomba za m'madzi amchere amene madokotala a mano ndi maloya amaika m'maofesi mwawo. Munthu amene anajambula pansi pa nyanja ziwiri ankapala ndere pagalasi ndi kampeni. Sanachite manyazi, ndipo sanasinthe. Ankavala tayi popita kumeneko. Kasitomala akafuna matumbawe othyoledwa kunyanja kuti thanki ikongole, ankamuuza m'maso kuti ndi wakuba, n'kutaya kasitomalayo. Renti inkalipidwa ndi malipiro anga osambitsa nkhalamba, iwo n'kumasankhabe anthu owagwirira ntchito.

Chaka chatha ophunzira awo akale a kugombe la Tanzania anayamba kuimba foni. Ankati madzi atentha kuposa kale, matumbawe ayera ngati mafupa, mpanda wonse umene anaphunzirirapo kusambira ukufa. Amalume ankangoika foni pansi. Nditawafunsa ngati zili zoona, anati amva, sanaone. Anayamba kukonza ulendo woti akaone. Apo ndiye tinakangana koopsa. Ndinawauza kuti ngati papezeka kanthu kokwerera ndege, kayambe kapita ku koleji, chifukwa miyala yoferatu sifuna mboni. Anandipatsa khutu lakumanzere. Ndinazungulira n'kukawakalipira kukhutu lakumanja. Ulendowo sunachitike, koleji sinaonenso kanthu. Anagwa m'mawa wina poimika magalimoto, atanyamula ndowa ziwiri za madzi amchere, ndipo sanadzukenso.

Pa mapemphero aja, mabodza a kudzichepetsa atatha, mayi Nachisale anaimirira. Anati tonse tikudziwa kuti malemuwa anali ndi chofooka chimodzi, anawononga tsogolo la mwana wa mlongo wawo chifukwa cha liuma, koma tiwakhululukire monga Akhristu. Anthu anang'ung'udza movomereza, ena n'kutembenuka kundiyang'ana mwachisoni. Ndinaimirira osapatsidwa mpata.

"Amayi, pepani. Mlandu wa sukulu yanga ndi wa ine ndi amalume. Inu simukulowapo, mpingo sukulowapo. Amene angakhululuke ndine, ndipo sindinakhululuke. Koma tonse amene tili muno tinagwadapo pa kapeti ya munthu, ena ndi mawondo, ena ndi pakamwa. Mmodzi yekha sanagwade, ndiye ali m'bokosimo. Musamukhululukire zimenezo. Sanakupempheni."

Ba Sakala okha ndi amene anati ameni, mokweza, kenako anayamba kulira ngati mwana. Thupi tinalitumiza ku Ntchisi monga mwa mwambo. Agona pakati pa minda ya chimanga, kutali ndi madzi alionse amchere.

Imodzi mwa mathanki amene ankayendera ili kuntchito kwanga, pabalaza pamene okalamba amaikidwa kuti aothere dzuwa la pawindo. Ntchito imeneyo ndinawapezera ndine, kuti azithandizako renti. Ankabwera Lachinayi. Tikakumana m'khonde, ine ndikukankha ngolo ya zofunda zakuda, iwo atanyamula ndowa, ankaima n'kunena kuti mwadzuka bwanji a Limbani, ndi ulemu wonse umene amapatsidwa munthu wodzidyetsa yekha. Kunyumba sankandiyitana choncho. Nkhalamba zinkasonkhana pa njinga zawo za olumala kudzaonerera akuyeza mchere, iwo n'kumazifotokozera dzina la kansomba kalikonse, ngakhale ankadziwa kuti pofika sabata yamawa zidzakhala zitaiwala.

Atamwalira, mayi woyang'anira nyumbayi anandifunsa ngati ndingapitirize kusamala thankiyo, poti ndine m'bale wawo. Ndinamuuza kuti sanandiphunzitse ndipo sindinawafunse. Nsomba zinabwezedwa kusitolo, madzi anapopedwa. Thankiyo ikadali pomwepo, pakati pa piyano ndi windo, nyale yake yozimitsidwa, chingwe chake atachikulunga pamwamba. Pansi pake patsala mchenga wouma ndi kampeni kawo kopalira ndere, kamene palibe amene wakatola. Gogo wina wosamva bwino amadzikankhabe kufika pamenepo Lachinayi lililonse, n'kukhala moyang'ana galasi mpaka nthawi ya chakudya. Akuti mwezi wamawa abweretsa matumbawe apulasitiki, ofiira ndi achikasu, osafuna madzi.

Chakumtunda kwa galasilo kwatsala mzere woyera wa mchere, wosonyeza pamene madzi ankalekezera. Woyang'anira wandiuza kangapo kuti ndiupukute alendo asanauone. Ndamuuza kuti apeze wina.